Ka photocopy ka pa Avondale: ni kuphunzira olo ni kuba?

Mwandi, ngati mwapitako pa mashopu ya Avondale masiku ano, mwaona mzere pa ka booth ka photocopy. Mayeso ya ECZ yafika pafupi, manje aliyense agwira buku yobwereka. Sabata yatha nenze pamenepo kuchita print CV ya mufana wanga. Kutsogolo kwanga kwenze bambo wina na buku yonse ya biology. Ati, "Nichitileni makope 40, ni ya bana ba tuition." Mnyamata wa pa machine anafunsa chinthu chimodzi chabe: "Back to back, bosi?"

Musanayambe kunitukana, naziba. Mabuku yadula. Sukulu ni yaulele kuchokera 2022, makalasi yazula, ndipo buku imodzi bagabana bana bambiri. Ine nemwine Grade 12 ninapasa na mapepala ya photocopy yakuti ma diagram yenze yakuda bii monga malasha.

Koma lamulo iliko. Ni Copyright and Performance Rights Act ya 1994, Chapter 406 ya malamulo ya Zambia, ndipo siyoipa mtima monga mwamene muganizira. Iwe mwana wa sukulu, ngati watenga kambali ka buku kuti uwerenge weka kunyumba, osati kugulitsa, lamulo ikuvomereza. Ba teacher naimwe mungalembe ndime pa board, bana bakopela mu notebook, palibe mulandu. Kuika ndime mu mafunso ya test, kulibe vuto.

Pamene pali minga ni apa. Chilolezo cha mu kalasi chija chikamba kuti kukopa kusachitike na machine yotulutsa makope yambiri. Choko ili bwino, pen ili bwino. Koma makope 40 ya buku yonse, futi bana balipira? Apo mwachoka mu kuphunzitsa, mwalowa mu business ya mwine buku. Masukulu na makoleji yamene yafuna kuchita photocopy yambiri yafunika license, ndiye nchito ya ZARRSO, bungwe yamene itolera ndalama zotere kupatsa olemba na osindikiza mabuku. Ba music bali na ZAMCOPS, ba mabuku bali na iyi.

Benangu bakamba ati, "Wolemba anafa kudala, nanga azadandaula bwanji?" Copyright siifa na munthu. Kuno kwathu ipitiliza zaka 50 pambuyo pa maliro. Ba Dominic Mulaisho, bamene banalemba The Tongue of the Dumb, banamwalira mu 2013. Werengani mweka: mpaka 2063. Shakespeare yeve mungamuchite photocopy mpaka toner isile, ngakhale ma notes yamene publisher anaikamo kumbuyo yali na mwine wake.

Chamene chinibaba maningi si ma publisher bakulu. Ni ba teacher bathu. Nili na mnzanga aphunzitsa maths ku Chelstone. Anakhala holiday yonse kulemba pamphlet yake, usiku na usiku, magetsi yakapita apitiliza na torch ya foni. Anagulitsa makope yang'ono chabe. Mwana umodzi anaijambula peji na peji, PDF yalowa mu group ya WhatsApp. Term yotsatira anaipeza igulitsiwa mu town, dzina yake banaifuta, pa cover pali dzina ya munthu wina na nambala ya mobile money. Sanalembetse kulikonse, koma sivifunika: ukalemba chinthu chako, copyright yayamba pamenepo. Vuto ni yakuti ndalama ya loya alibe. Pamphlet ya chibili anakana kulemba, ndipo bana ba chaka chino ndiye baluza.

Manje imwe muli na PDF ya teacher wanu mu foni, musanaichite forward ku group ya bantu 200, mufunseni. Bambiri bazavomera, malinga dzina yao ikhalepo. Ba tuition, gulani mabuku yangapo bana bazibwereka, olo lembani ma notes yanu.

Bambo ba biology baja banatenga makope yao 40 mu carton, banakwera bus ya ku Chelstone. CV ya mufana wanga inatuluka na mizere, toner yenze yasila.