Kalulu ndi mbava, inde, nanga alonda a chitsime?

Nthano tinazisiyira agogo ndi ana a pulayimale. Ku sekondale zimangofika ngati mutu wa mayeso: mwana aloweze kuti wokamba amayamba ndi "Padangokhala", omvera n'kuyankha "Tilitonse", kenaka alembe phunziro la nthanoyo m'chiganizo chimodzi, basi wapeza malikisi. Ine ndimaphunzitsa Chichewa pa sekondale ina yoyendera, ndipo ndikuona kuti tikutaya chuma. Nthano ndiyo sukulu yakale kwambiri ya utsogoleri, kuno kwathu ngakhalenso kunja.

Anthu a ku India anazindikira zimenezi kalekale. Buku lawo la nthano za nyama, Panchatantra, limayamba ndi mfumu yomwe inali ndi ana aamuna atatu osamva za sukulu. Inawapereka kwa mkulu wina wanzeru, Vishnu Sharma, yemwe analonjeza kuti pakutha pa miyezi 6 adzakhala atawaphunzitsa kayendetsedwe ka dziko, ndipo anawaphunzitsadi ndi nthano zokhazokha. Cha m'ma 750, Ibn al-Muqaffa anazilemba m'Chiarabu pa dzina loti Kalila wa Dimna. Mmenemo muli kalulu amene anapusitsa mkango wolusa pouonetsa chithunzi chake m'chitsime, mkango n'kudziponyamo poganiza kuti ukukamenyana ndi mnzake. Eni ake ankati amenewa ndi maphunziro a ana a mafumu.

Chitsime tili nacho ifenso. Mukuikumbukira nthano ija: chilala chavuta, nyama zapangana zokumba chitsime, Kalulu wakana, akuti iye amamwa mame. Madzi atatuluka, nyama zaika mlonda. Kalulu atulukira ndi chiguli cha uchi, amulawitsa mlondayo pachala, n'kumuuza kuti uchi umenewu umakoma bwino munthu atamangidwa manja ndi miyendo. Mlonda avomera. Kalulu amwa, atunga, asambamo, avundula madzi onse, ulendo. M'mawa mwake mlonda wina, uchi womwewo. Mpaka Kamba, amene anzake ankamuderera, adzipaka ulimbo pamsana n'kukhala phee m'madzimo, Kalulu n'kukanirira pomwepo.

Ndikafunsa ana a Folomu 3 kuti angakonde kukhala ndani m'nthanoyi, manja ambiri amakwera pa Kalulu. Akuti ndi dolo. Kamba amasankhidwa ndi ochepa, nawonso mwamanyazi. Koma tsiku lina mtsikana wina wokhala kumbuyo, amene salankhulalankhula, anaimirira nati: "Aphunzitsi, Kaluluyo ndi mbava, tonse tikudziwa. Koma nanga alonda aja anawazenga mlandu? Anawatuma kulonda madzi a mudzi wonse, iwo n'kugulitsa ndi uchi wa pachala." M'kalasi munabuka phokoso. Mnyamata wina anati mlonda nayenso anali ndi njala, ndipo wodzitama kuti sadya za chinyengo ndi amene sanapatsidwepo. Mnzake anamubweza kuti njala inali ya onse, nanga Kamba anali atakhuta? Belu linalira mkangano uli pakati.

Ine ndili kumbali ya mtsikanayo. Mu 2013, pa miyezi 6 yokha, kuyambira Epulo mpaka Seputembala, ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka m'thumba la boma mwachinyengo, malinga ndi kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly pa nkhani ya Cashgate. Makampani ankalipidwa pa katundu amene sanaperekepo ndi ntchito imene sanagwirepo. Ndalama zotere sizituluka ndi munthu mmodzi. Panali wolowetsa manambala mu kompyuta, panali wosaina cheke, panalinso woona mnzake wa malipiro ochepa akumanga nyumba yosanja n'kungoti koma ndiye mwadalitsika achimwene. Timathamangira kuloza Kalulu chifukwa kuloza mlonda kumafika pafupi ndi pakhomo pathu. Pa chisankho mlonda ndi inu ndi ine. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, koma aliyense amene anapitapo pamsonkhano wa kampeni akudziwa kuti uchi sunathe m'chiguli, ndipo otambasula manja kuti amangidwe sasowa.

Musandimve molakwa, sindikunena kuti Kalulu achotsedwe m'mabuku. Anthu a ku Africa amene anagwidwa ukapolo anawoloka naye nyanja. Anansi, kangaude wa m'nthano za Aakani a ku Ghana, anakafika ku Jamaica. Ku America kunatulukira kalulu wotchedwa Br'er Rabbit, amene nthano zake anazisindikiza Joel Chandler Harris cha m'ma 1880, ndipo kaluluyo nayenso anagwidwa mofanana ndi wathuyu, atakanirira pa chidole chopaka phula. Kwa munthu wopanda mfuti, wopanda khoti, wopanda voti, kuchenjera n'kumene kunkamupulumutsa, ndipo nthano zoterezi zinkamukumbutsa kuti bwana nayenso amapusa. Kalulu wopusitsa mkango wodya anzake ndi woyenera kumuimbira m'manja. Kalulu wovundula chitsime chimene anakumba anzake ndi woyenera chingwe. Nyama yake ndi yomweyo, chasintha ndi amene akupusitsidwa. Ana athu ayenera kuzolowera kusiyanitsa awiriwa, chifukwa andale ambiri amalowa m'boma ndi mbiri ya kalulu woyamba uja, n'kukalamula ngati wachiwiriyo.

Nthano ya achule, ya Aesop wa ku Greece, ana amaimva msanga. Achule anapempha mfumu kwa mulungu Zeus, iye n'kuwaponyera chipika. Atadandaula kuti mfumuyo ingogona, anawatumizira njoka ya m'madzi, yomwe inayamba kuwameza mmodzimmodzi. Ndisanamalize n'komwe, ana amayamba kunong'onezana mayina a atsogoleri, uyu chipika, uyu njoka. Mayinawo ndimawaletsa, si ntchito yanga kuwasankhira chipani. Chimene ndimawafunsa n'chakuti, bwanji achulewo ankayang'ana kumwamba nthawi zonse, osakhala pansi okha n'kupangana za damu lawo? Pamenepa phokoso limachepa, ndipo zimene amalemba pambuyo pake zimaposa zimene ndimamva pa wailesi.

Alembi athu ankaidziwa mphamvu ya nthano. M'nthawi ya chipani chimodzi, pamene liwu limodzi lolakwika lokhudza Kamuzu linkakugoneka kundende, a gulu la alembi la ku Chancellor College, lomwe linayamba mu 1970, ankabisala m'nthano ndi m'mbiri zakale. Steve Chimombo analemba za Napolo, chinjoka chogumula mapiri, ndi za Mbona wa mvula, amene kachisi wake ali ku Khulubvi ku Nsanje. Jack Mapanje anatulutsa buku la ndakatulo la Of Chameleons and Gods mu 1981. Boma linanunkhiza, ndipo mu 1987 linamutsekera kundende ya Mikuyu, komwe anakhala mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Boma lija linkaopa bilimankhwe wa m'ndakatulo. Chaka chisanathe Mapanje atatuluka, mu Marichi 1992, ophunzira a pa koleji yomweyo anaguba poyera kugwirizana ndi kalata ya mabishopu a Katolika. Ndi ife lero, amene tingathe kutchula chilichonse pa Facebook, amene tikuona nthano ngati zogonekera ana.

Aphunzitsi anzanga, makolo, ndi inu a mapulogalamu a achinyamata pa wailesi, mukakamba nthano musamathamangire kutseka ndi phunziro lokonzeratu. Sandutsani kalasi kapena khonde kukhala bwalo la milandu. Kalulu ayankhe, alonda ayankhe, nyama zimene zinkasankha alondawo tsiku ndi tsiku osasintha njira ziyankhenso. Mwana amene akuikira kumbuyo mlonda musamukalipire, mpatseni mnzake womutsutsa. Ambiri mwa ana amene ali pa madesiki a Folomu 3 lero adzakhala atakwanitsa zaka 18 pofika chisankho chikubwerachi. Aloleni ayambe kuzenga milandu panopa.