ZA M'DZIKO MWATHU: Malole Ocokera Kunja ndi Citetezo ca Dziko

Anthu okhala m'mbali mwa mseu waukulu wa Great East Road, kuyambira ku Chongwe kufikira ca ku Rufunsa, anazolowera kale kulira kwa malole. Usana ndi usiku amangopita, ena atasenza simenti ndi fataleza, ena cimanga ndi soya, enanso dizilo. Koma mwa malole onsewo, ndi angati amene anabadwira m'dziko muno? Injini, magiya, mapampu, ngakhale matayala amene akuponda phula lathu, pafupifupi zonse zinaoloka malire. Sabata ino tifuna kuti awerengi athu aganizire nafe nkhani imeneyi, pakuti ikhudza citetezo ca dziko monga momwe mfuti ya msilikali icikhudzira.

Ngakhale maiko olemera ayamba kuda nayo nkhawa. Mu April 2025 Boma la America linayamba kufufuza ngati kugula malole ndi zipangizo zake kunja kungaike dzikolo pa ngozi, ndipo kuyambira pa 1 November caka comweco Pulezidenti Donald Trump anaika msonkho wa 25 peresenti pa malole akuluakulu olowa m'dzikomo. Iwo ali nao mafakitale ao amene afuna kuwachinjiriza. Ife tilibe fakitale yopanga injini, ndiponso tilibe doko. Tsono ngati mwini nkhokwe yodzaza akuopa njala, nanga mnzake wopemphetsa atani?

Koma sitifunika kuphunzira kwa azungu a kutali, popeza dziko lathu linalawa kale zowawa zake. Pa 11 November 1965 Ian Smith analengeza ufulu wake wakuba ku Rhodesia. Masiku amenewo katundu wathu pafupifupi yense, pamodzi ndi mafuta, anali kudzera m'dzikolo. Usanathe mwezi wa December mafuta anadulidwa, petulo anayamba kugulitsidwa mwa muyeso, ndipo m'masabata otsatira ndege za ku Britain, Canada ndi America zinayamba kututa migolo ya mafuta. Ndege siingadyetse migodi. Cotero katundu anagwera pa malole oyenda mu Great North Road kupita ku Dar es Salaam, mseu umene panthawiyo unali wa fumbi m'cilimwe ndi wa matope m'dzinja. Oyendetsa anaucha dzina lakuti Hell Run, ndiko kunena ulendo wa ku Gehena, ndipo ambiri anafera m'menemo. M'caka ca 1966 Zambia ndi Tanzania, pamodzi ndi kampani ya ku Italy, anakhazikitsa Zambia-Tanzania Road Services imene inali ndi malole mazana angapo a mtundu wa Fiat. Popita anali kusenza mkuwa, pobwera mafuta ndi katundu wina. Mpumulo unadza mu 1968 pamene paipi ya mafuta ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, inafika ku Ndola.

Mseu wathu uno unalandira gawo lake pa 9 January 1973, tsiku limene Smith anatseka malire. Pasanathe mwezi anafuna kuwatsegulanso, koma Pulezidenti Kenneth Kaunda anakana kuika khosi la dziko m'manja mwa mdani kaciwiri. Katundu anagawidwa m'njira zitatu: ku Lobito, ku Dar es Salaam, ndi kum'mawa kudzera pa Chongwe pano kupita ku njanji za ku Malawi zimene zinatsikira ku madoko a Beira ndi Nacala. Malole atsopano anagulidwa ambiri. Akuluakulu a m'midzi yathu akumbuka mizere yake.

Apa ndi pamene pali phunziro leni-leni. Lole sigulidwa kamodzi. Tsiku logula mulipira thupi lake, koma mwezi uliwonse umene iyenda mulipiranso matayala, masipuling'i, mabuleki ndi mafyuluta, ndipo zonsezi zifuna ndalama zakunja. Mu 1975 mtengo wa mkuwa unagwa, ndipo caka comweco nkhondo ya ku Angola inatseka njanji ya Benguela yopita ku Lobito. Ndalama zakunja zinasowa. M'zaka zotsatira, m'mabwalo a makampani a Boma ndi a anthu wamba munadzaza malole okhazikidwa pa njerwa, ena cifukwa ca kacitsulo kamodzi kokwanira m'dzanja. Makaniko anayamba kuphwasula lole imodzi kuti adzutse inzake, kenaka kuphwasula ziwiri kuti adzutse imodzi. Mlimi anagulitsa cimanga cake ku Namboard pa nthawi yake, koma masaka anakhala pa depoti kudikira lole kufikira mvula yoyamba inawapeza. Kudikira kwa fataleza pa madoko ndiko kunakakamiza a Kaunda kutsegulanso njanji ya kumwera mu October 1978, ngakhale nkhondo ya ufulu wa Zimbabwe inali isanathe.

Mdani anadziwa bwino pamene pali mtsempha wathu. Mu October 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa maulalo a pa mtsinje wa Chambeshi, wa njanji ya TAZARA ndi wa mseu womwe. Mu November, pamene zokambirana za ku Lancaster House zinali mkati, anaphulitsanso maulalo ena angapo, ndipo umodzi mwa iwo unali wathu wa pa mtsinje wa Chongwe. Sanabwere kudzalanda mudzi kapena munda. Anabwera kudzaimitsa malole, kuti Lusaka ikhale ndi njala ndipo Boma ligonje. A Kaunda anaitana dziko lonse kuti likonzekere nkhondo.

Taganizani tsono. Kuti adule ulalo wa Chongwe, Smith anafunika asilikali, ndege ndi mabomba, ndipo ulalowo unamangidwanso. Koma kusowa kwa matayala ndi zitsulo kunaimitsa malole popanda wina woombera mfuti, ndipo kunatha zaka zambiri. Njala ya unga imene inabala zipolowe ku Copperbelt mu December 1986 ndi ku Lusaka mu June 1990 inali ndi zifukwa zambiri, makamaka mtengo wake. Komabe dziko lolephera kututa cakudya cake kucokera ku midzi kupita ku zigayo limakhala pafupi ndi moto wotere masiku onse.

Kucokera mu 1991 zinthu zinasintha. Makampani a Boma a zamtengatenga, monga Contract Haulage ndi United Bus Company, anatha. Fakitale yolumikiza galimoto ku Livingstone inatsekedwa, ndi ya matayala ya Dunlop ku Ndola cimodzimodzi. Lero malole ali m'manja mwa amalonda, ndipo aliyense agula kumene afuna: Howo, FAW ndi Shacman za ku China, Tata ya ku India, Scania ndi Volvo zimene zambiri zinagwira kale nchito ku Ulaya. Tisabise, pali cokoma pamenepa. Malole ngocuruka koposa kale, masitolo a zipangizo ali mbwee mu Lusaka, ndipo mlimi wa ku Kanakantapa sadikiranso miyezi kuti katundu wake anyamulidwe.

Koma muzu wa bvuto sunazulidwe. Mitundu ya malole yacuruka kotero kuti citsulo ca iyi sicilowa mwa iyo. Malole atsopano ali ndi kompyuta m'kati mwa injini, ndipo makaniko wa pansi pa mtengo, amene kale anali kudzutsa Fiat kapena Bedford ndi sipanala ndi waya, tsopano angoyang'ana kufikira wa makina oyesera atabwera kucokera ku tauni. Zipangizo zacinyengo nazo zalowa pa msika. Buleki yochipa pa zitunda za ku Manenekela ndiyo maliro. Ndipo Kwacha ikadwala, malole onse amadwala nayo. M'caka ca 2020 dola imodzi inayamba pa K14 ndi kutsiriza pa K21. Mwini lole salira yekha: mtengo wa tayala umatsikira pa thumba la fataleza ndi pa thumba la unga.

Njira nazonso sizili m'manja mwathu. Mu March 2019 namondwe wa Idai anadula mseu wa ku Beira. Caka comweco Boma linacenjeza oyendetsa malole athu za ciwawa ca ku South Africa. Mu May 2020 malire a Nakonde anatsekedwa kwa masiku cifukwa ca matenda a Covid-19. Ndipo pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza cilala kukhala tsoka la dziko pa 29 February 2024, cimanga ca cithandizo cinafika m'midzi pa msana pa lole. Anthu a m'tauni ya Chongwe sanaiwale zaka zimene mtsinje wao unaphwa, madzi akumwa nabwera m'malole a mathanki.

Ena anganene kuti timange fakitale yathu ya malole. Ife sitiona cotero, kwa tsopano lino. Ya ku Livingstone inatiphunzitsa kuti kulumikiza zitsulo zobwera m'mabokosi kucokera ku Italy sikucotsa njala ya ndalama zakunja. Mabokosi akaleka kubwera, anchito amakhala manja lende. Nzeru ili pa zinthu zazing'ono zimene zimatha msanga. Dziko limene likoka waya wa mkuwa ku ZAMEFA ku Luanshya silingalephere kupanga mabatire okwanira, masipuling'i, ngolo zokokedwa, ndi kuvekanso matayala otha. Boma pogulira malole asilikali, Zambia National Service ndi ofesi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, liyenera kusankha mitundu yowerengeka, ndi kulemba m'pangano kuti wogulitsa asunge zipangizo m'dziko muno ndi kuphunzitsa anyamata athu makonzedwe ake. Lamulo la 2018 lakuti magawo 30 pa 100 a katundu wolemera ayende pa njanji liyenera kutsatidwa mwamphamvu, ndipo njanji ya Chipata kupita ku Mchinji, imene inatsegulidwa mu 2010, ipatsidwe katundu woti isenze.

Nkhaniyi ifika ndi pa khomo panu. Makopaletivu ndi magulu a alimi a m'boma la Chongwe amene akusonkha ndalama kapena kupempha ngongole ya CDF kuti agule lole yao, asakopeke ndi utoto wonyezimira kapena mtengo wotsika wa tsiku loyamba. Asanalipire, atumize anthu awiri ku Lusaka akafunse m'masitolo atatu kapena anai ngati pampu ya dizilo, mbale ya kilachi ndi matayala a mtundu umenewo zipezeka, ndi pa mtengo wanji. Afunsenso makaniko wa pafupi ngati injiniyo aidziwa. Akayankha kuti iai, afune mtundu wina mwezi wokolola usanafike.