Nyimbo yatuluka mu situdiyo, koma aimve ndani? Oimba a ku Milange ndi nkhani ya ma playlist

Nyengo yogulitsa soya ndi nandolo ikafika m'boma la Milange, ndalama sizithera pa malata ndi njinga zokha. Achinyamata ena amapatula kangachepe n'kukajambula nyimbo yawo yoyamba, ena konkuno, ena kuwoloka chipata cha Muloza kupita ku Mulanje kapena ku Blantyre. Kujambula sikukuvutanso ngati kale, pakuti kompyuta imodzi ndi maikolofoni m'kachipinda zikukwana. Chimene chikusowetsa tulo oimba ongoyamba kumene n'chakuti nyimboyo ifike bwanji m'makutu a anthu.

Mawu amene ali m'kamwa mwa ambiri tsopano ndi akuti playlist, kutanthauza mndandanda wa nyimbo zimene munthu wasankha kuti ena azimvera pa intaneti. Spotify inayamba kupezeka ku Mozambique ndi ku Malawi mu February 2021. Ma playlist ake ena amakonzedwa ndi ogwira ntchito pakampaniyo, ena ndi anthu wamba amene ali ndi owatsatira awo.

Khomo la kampani ndi laulere, koma lili ndi malamulo. Woimba saika yekha nyimbo pa Spotify. Amadzera kwa makampani ogawa nyimbo monga DistroKid kapena TuneCore, amene amalipiritsa. Akatero amatha kupempha akonzi kudzera pa Spotify for Artists kuti amvere nyimbo imodzi yomwe isanatuluke, ndipo pempholo lifike kutatsala masiku osachepera 7. Amene watulutsa kale nyimbo n'kumakumbukira pambuyo wachedwa.

Anthu wamba osankha nyimbo amafikiridwa pa masamba monga SubmitHub ndi Groover. Kumeneko woimba amalipira madola kapena ma euro ochepa pa munthu aliyense amene akumutumizira, ndipo chimene wagula ndi choti munthuyo amvere n'kuyankha, basi. Akhoza kuyankha kuti ayi. Kulipirako kumafuna khadi ya kubanki, pamene ndalama za achinyamata ambiri kuno zimayenda pa M-Pesa ndi e-Mola, kapena pa Airtel Money ndi Mpamba tsidya linalo. Komanso wosankha nyimbo wa ku Paris amene sadziwa Chichewa kapena Chilomwe amaweruza ndi kamvekedwe kokha; mwambi umene ungaseketse msika wonse kwa iye ndi phokoso chabe.

Apa mpamene akamberembere amapezera mpata. Uthenga umabwera pa Facebook kapena pa WhatsApp wolonjeza kuika nyimbo pa playlist ya anthu zikwizikwi, bola atumiziridwe ndalama. Nthawi zambiri "omvera" amenewo si anthu koma makina ongoiseweretsa nyimboyo mobwerezabwereza. Malamulo a Spotify amaletsa kugula malo pa playlist, ndipo kuyambira mu 2024 kampaniyi imalipiritsa chindapusa ogawa nyimbo ikapeza chinyengo chotere. Ogawawo sachitira mwina koma kuchotsa nyimboyo, nthawi zina kutsekeratu akaunti. Mnyamata amataya ndalama ya thumba la nandolo, amatayanso nyimbo.

Ngakhale zonse zitayenda mwachilungamo, phindu lake n'lochepa. Kuyambira mu April 2024, nyimbo imene sinamvedwe maulendo 1,000 m'miyezi 12 silandira kanthu pa Spotify. Ikadutsa pamenepo, maulendo 1,000 amabweretsa madola ochepa okha, kutengera dziko la omvera komanso ngati amalipira pamwezi. Nanga ku Milange ndi angati amene angathere ma mega awo pomvera nyimbo imodzi kakhumi? Anthu kuno amatumizirana pa Bluetooth, amvere mpaka foni ithe moto.

Ichi n'chifukwa chake woimba wa m'malire sayenera kuiwala kuti osankha nyimbo ali nawo pafupi, kungoti satchedwa ndi dzina la Chingerezi. Woyamba ndi muulutsi wa pawayilesi, kaya ya m'dera kaya yachigawo, amene pulogalamu yake ya moni imamveka kumunda ndi kuchigayo. Wachiwiri ndi mnyamata wa pamsika amene amaika nyimbo m'mamemori khadi ndi m'mafulashi. Kasitomala akati "ndiikireni zatsopano", iyeyo ndiye amasankha, ndipo khadi imodzi imakalira pa njinga yamoto ya kabaza, m'golosale, m'minibasi yopita ku Mocuba. Palinso DJ wa pazinkhoswe ndi pamaukwati, ndi woyang'anira gulu la WhatsApp. Anthu amenewa salembedwa m'mabuku a malonda a nyimbo, komatu ndi amene amapangitsa kuti nyimbo idziwike kapena ifere mu foni ya mwini wake.

Kuwafikira kumafuna nzeru yomweyo imene akatswiri akunja amaphunzitsa. Woimba ayambe wamvera zimene munthuyo amaika: nyimbo ya kwaya siipititsidwa kwa DJ wa pabala. Atumize nyimbo imodzi yomveka bwino, osati khumi. Alembe bwino dzina lake ndi mutu wa nyimbo pa fayilo, chifukwa zambiri zimayenda m'mafoni zili ndi manambala okha, anthu n'kuikonda osadziwa woimba. Zoona, wa memori khadi sapereka kalikonse kwa mwini nyimbo. Malipiro amabwera njira ina, pamene woimbayo ayamba kuitanidwa kukaimba pa zochitika.

Nkhani ya agogo a Giddes Chalamanda a ku Chiradzulu ikuonetsa mmene zinthu zimayendera. Nyimbo yawo ya Linny Hoo inali yakale, yodziwika kwa Amalawi. Mu 2020 anaiimbanso pamodzi ndi Patience Namadingo, ndipo kumapeto kwa 2021 inafalikira pa TikTok m'maiko ambiri. Palibe amene anaigulira malo. Anthu anayamba aikonda, za pa intaneti zinatsatira.

Izi sizikutanthauza kuti intaneti ilibe ntchito kwa woimba wa ku Milange. Chinenero chimamupatsa msika woposa boma lake: Malawi yense, Tete, Niassa, kum'mawa kwa Zambia, ndi abale amene ali pa ntchito ku Johannesburg ndi Cape Town, omwe ambiri a iwo amamvera pa intaneti. Audiomack ndi YouTube amalola kuika nyimbo kwaulere, ndipo ma playlist ang'onoang'ono a nyimbo za Chichewa amakonzedwa ndi anthu amene amamva mawu ake ndipo amayankha uthenga waulemu.

Chisanachitike chilichonse mwa izi, pali funso la umwini. Kawirikawiri wojambula wa mu situdiyo ndi amene ali ndi akaunti ndi khadi ya kubanki, choncho amaika nyimbo m'dzina lake. Ndalama ikabwera imagwera kwa iye. Mgwirizano wa awiriwa ulembedwe papepala tsiku lojambula, pamaso pa mboni, ndipo nyimbo ilembetsedwe ku bungwe loteteza eni luso, lomwe ku Mozambique ndi SOMAS, ku Malawi ndi COSOMA.