Kodi ndege zathu adzazikonza ndani?

Pitani padoko la Usisya kapena ku Kande m'mawa, asodzi akamabwera ku usipa. Injini ya boti imene yavuta usiku mupeza mnyamata wayiphwasula, zitsulo wazindandalika pa saka kuti zisalowe mchenga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu injiniyo yalira. Ku Mpamba ndi ku Chintheche njinga zamoto za kabaza zimadzukanso m'manja oterowo. Ambiri mwa anyamatawa anaphunzira poyang'ana ndi potumidwa sipanala. Ngati manja alipo, nzeru zilipo, ili kuti njira yomutenga mwana wakunyanja kuno mpaka akaime pansi pa phiko la ndege ku Chileka kapena ku Lumbadzi?

Tisanamizane kuti ndege n'chimodzimodzi boti. Wophunzira kukonza ndege samanga bawuti mongoyeza ndi dzanja. Amatsegula buku la amene anapanga ndegeyo, amawerenga mphamvu yake yomangira, amatenga sipanala yoyezera mphamvuyo, kenako amapiringiza kawaya kuti natiyo isamasuke ndi kunjenjemera. Akamaliza ntchito amawerenga zipangizo zonse, ndipo kasipanala kamodzi kakasowa ndege sinyamuka mpaka kapezeke. Chilichonse chimene wagwira chimalembedwa. Iye alibe mphamvu yosayina kuti ndege yakonzeka. Amasayina ndi mwini layisensi amene wayang'anira ntchitoyo. Malamulo a ICAO, bungwe loona za ndege padziko lonse, amati wofuna layisensi akhale ndi zaka zosachepera 18, ndipo akhale atagwira ntchitoyi zaka 4, kapena zaka 2 ngati anamaliza maphunziro ovomerezeka. Mabuku onse ndi a Chingerezi, masamu ndi fizikisi n'zosathawika. Kodi pali chovuta apa chimene mwana wa ku Bandawe Girls kapena wa CDSS ya kwathu kuno sangachikwanitse atapatsidwa mpata? Nanga alipo anapita kukamuuza kuti ntchito yotere iliko?

Ife a ku Nkhata Bay nkhani ya ndege sitiimva ngati ya kutali. Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 inagwa ku Nthungwa m'nkhalango ya Chikangawa, n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena asanu ndi atatu. Ofufuza analoza kwambiri nyengo yoipa ndi ziganizo za oyendetsa, osati kufa kwa injini, ndipo sitikufuna kupotoza zimenezo. Koma akatswiri a bungwe la BFU la ku Germany anapezanso kuti batire ya kachipangizo kamene kamatumiza chizindikiro ndege ikagwa inatha nthawi yake mu 2004. Ndegeyo inapezeka tsiku lotsatira, dziko lonse litagona ndi nkhawa. Zaka 20 batire ili yakutha: ndi anthu angati anaona tsiku lolembedwa pamenepo? Anauza ndani? Amene anauzidwawo anayankha chiyani? Makaniko wa ndege akanena kuti chitsulo ichi chatha, kodi mawu ake amalemera kuposa a wosunga thumba la ndalama? Dziko limene likufuna kuuluka liyenera kukhala ndi amisiri okwanira, ophunzitsidwa bwino, okhala ndi mphamvu yonena kuti lero ndege iyi sinyamuka.

Kuphunzitsa umisiri si chinthu chachilendo m'mbali mwa nyanja muno. Dr Robert Laws anasamutsira mishoni ku Bandawe mu 1881, ndipo atakwera ku Khondowe mu 1894 sukulu ya Livingstonia inayamba kusula akalipentala, amisiri omanga nyumba, osindikiza mabuku ndi odziwa telegalafu. Ana a Atonga anatenga luso limenelo n'kukagwira nalo ntchito ku Harare ndi ku Joni. Ngati agogo athu anaphunzira luso latsopano la nthawi yawo ali osavala nsapato, chikuwaletsa zidzukulu zawo n'chiyani lero?

Air Malawi inali ndi mainjiniya ake ku Chileka, Amalawi amene anasamala ndege za BAC One-Eleven, ATR 42 ndi Boeing 737. Kampaniyo inathetsedwa mu 2013. Kodi akuluakulu amenewo ali kuti? Luso lawo anasiyira ndani? Lero tili ndi Malawi Airlines imene inayamba kuuluka mu 2014, momwe boma lili ndi magawo 51 pa 100 alionse, Ethiopian Airlines 49. Anzathuwo ali ndi sukulu yaikulu ku Addis Ababa yosula okonza ndege. Chiyambire mgwirizanowu, ndi achinyamata angati a ku Malawi amene atumizidwa kumeneko kukaphunzira umakaniko? Mwa iwo, ndi angati ochokera kumudzi, opanda wachibale ku Lilongwe wowatsina khutu? Boma monga mwini magawo ambiri, linaikapo lamulo lotani pa nkhani yophunzitsa ana athu?

Kwa a TEVETA, amene kuyambira 1999 muli ndi udindo pa maphunziro aluso ndipo mumatolera ndalama kwa olemba anthu ntchito: n'chiyani chikuletsa kuti ophunzira opambana pa zamagetsi ndi zamainjini ku Mzuzu Technical College ndi ku Livingstonia Technical College azisankhidwa chaka ndi chaka kukaphunzira pantchito kumalo okonzera ndege? Kwa oyang'anira zandege m'dziko muno: bwanji osafalitsa pa wailesi, m'Chichewa ndi m'Chitonga, zimene mwana ayenera kukhoza pa MSCE, kumene angalembere ndi ndalama zimene zimafunika? Kwa aphungu a Nkhata Bay: munaimapo m'Nyumba ya Malamulo kufunsa za zipangizo za sayansi m'masukulu a m'madera anu? Mwana adzagwira bwanji mawaya a ndege ngati fizikisi waphunzirira pa bolodi pokha?

Makolo nafenso tili ndi mbali yathu. Mwana akamakonda kumasula wailesi ndi injini tisamuone ngati wowononga, ndipo mtsikana wokonda sipanala tisamubwezere kumoto. Kuwongola mtengo n'poyamba.

Sitikupempha bwalo la ndege ku Usisya. Tikupempha malo owerengeka a ophunzira ntchito chaka chilichonse, olengezedwa poyera, olipiridwa ndi boma ndi makampani a ndege, olembetsa kudzera kumaofesi a m'maboma kuti wakumudzi asamve mochedwa. Kusula mmisiri mmodzi wokhoza kusayina kumatenga zaka. Amene ali ndi malayisensi lero akukula, ndipo ena akukopedwa ndi malipiro a kunja. Unduna wa zamtengatenga utiuze: gulu loyamba la ophunzirawa liyamba chaka chiti, ndipo ndalama zake zili pa tsamba liti la bajeti?