Anaba Usiku wa Halloween Ndani?

Alipo amene amati Halloween, usiku wa pa 31 October pamene ana a ku America amabvala zoopsya ndi kuyenda khomo ndi khomo, ndi phwando la Satana. Ine nditi mlandu umenewu augamula mokhota. Anaononga usikuwu ndiye wamalonda, ndipo mbiri yace iticitira umboni.

Kale-kale anthu a ku Ireland ndi Scotland anali ndi cikondwerero cochedwa Samhain, cokumbukira kutha kwa masika ndi kufika kwa cisanu coopsya. Pambuyo pace Eklesia anaika tsiku la Oyera Mtima Onse pa 1 November, ndipo m'caka ca 835 mfumu Louis inalamula kuti lisungidwe m'dziko lonse la Afranki. Odilo, mkuru wa amonke a ku Cluny, anaonjezapo 2 November, tsiku lopempherera akufa. Dzina lakuti Halloween litanthauza madzulo otsogolera tsiku la Oyera Mtima. Nanga Satana alowa pati?

Taonani cimene anthu ankacita. Ku England amphawi ankayenda m'makomo kulandira timikate, ndipo malipiro ao anali kupempherera akufa a pa banjapo. Ku Scotland ana obisa nkhope ankayamba aimba kapena kulakatula, ndipo pamenepo ankalandira zipatso. Wolandira anali naco cobwezera, pakuti kupatsa nkuika.

Njala ya 1845 mpaka 1852 inathamangitsira Aairishi ambiri ku America, ndipo mwambowu unakula kumeneko. Nyali zimene kwao ankasema m'mizu ya tanaposi, tsono anazisema m'maungu. Koma anyamata anayamba kuswa mipanda ndi mazenera, kotero kuti mu 1920 mudzi wa Anoka ku Minnesota unakonza cionetsero ca m'mseu cakuti ciwaceutse. Eni nyumba naonso anayamba kugula mtendere ndi maswiti. Lamulo locepetsa shuga la nthawi ya nkhondo litatha mu 1947, eni masitolo anapeza munda wosalima. Lero zobvala nzogula, maswiti ngogula, ngakhale mantha omwe agulitsidwa m'kanema.

Ena adzati, “Asiyeni ana asekere.” Indedi asekere, kuseka sikulakwa. Koma mwana amene aphunzira kutambasula thumba popanda nyimbo, popanda pemphero, ndi kuopseza womana, waphunzira ciani? Akufa aiwalika, amphawi acotsedwa pakhomo, ndipo watsala ndi mwini sitolo akuwerenga ndalama.

Njira ina inaoneka mu 1950, pamene ana a ku Philadelphia anayenda m'makomo kupempha timakobiri ta UNICEF, tothandiza ana osowa a m'maiko ena. Amenewo ndiwo anaumva mwambo wa makolo ao.

Inu amene mwatsiriza sukulu, musaweruze mwambo poona cobisa nkhope cokha. Funsani: ukumbutsa yani, ndipo udyetsa yani?