Fanta imafika kumene mankhwala safika: tiphunzilepo ciani?

M'midzi yambili ya kuno kum'mawa, mayi angayende makilomita khumi kufunafuna mankhwala a mwana wotsegula m'mimba osawapeza, koma pa kantemba ka pamphambano adzapeza Fanta kapena Coca-Cola. Zimenezi sizinacitike mwamwayi. Makampani aakulu a zakudya ndi zakumwa ali ndi anthu amene nchito yao ndi kuganizila mmene botolo lingafikile dzanja lathu, komanso mtengo umene thumba lathu lingalole. Ife amene timagula, kugulitsa ndi kulengeza katundu wao pa wailesi tifunika kudziwa mmene amacitila, cifukwa ndalama ndi zathu ndipo matupi amene amamwa ndi a ana athu.

Mphamvu yao yoyamba ili pa kafikitsidwe ka katundu. Mu 2012 bungwe la ColaLife linayesa cinthu cina m'maboma a Katete ndi Kalomo. Linapanga kapaketi kochedwa Kit Yamoyo, kokhala ndi ORS, zinc ndi sopo, m'cimangidwe coti kazilowa pakati pa mabotolo m'kileti ya Coca-Cola, kuti kumene kileti yafika, mankhwala afikenso. Zotsatila zake zinali zophunzitsa. Tumapaketi tocepa cabe ndi tumene tunayendadi m'makileti. Tunafika kumidzi cifukwa wa holoselo anali kupezapo phindu, ndipo mwini kantemba amene anapalasa njinga kukaoda nayenso anali kupezapo kangacepe. Cinsinsi ca makampani amenewa n'cakuti aliyense wonyamula katundu wao amadyelapo, conco safunika kumukakamiza.

Yaciwili ndi mtengo. Amadziwa kuti ambili a ife timagula za tsiku limenelo, conco amagawa katundu m'tumabotolo ndi tumapaketi tating'ono kuti ndalama ya cenji ikwane. Pa lita kapena pa kilo timalipila zambili kuposa wogula cacikulu ku Shoprite, koma sitimva kuwawa cifukwa zimacoka pang'onopang'ono. Tonse tikumbukila tujilijili, tumene boma linaletsa mu 2012. Mowa wake sunali wacilendo. Cacilendo cinali kapaketi kochipa kamene ngakhale mwana wa sukulu anakwanitsa kugula ndi kubisa m'thumba.

Yacitatu ndi filiji ndi penti. Kampani imabweleka mwini shopu filiji yaulele, n'kumupentela cipupa ndi kumulembela dzina la shopu yake pa cikwangwani. Nthawi zambili pangano limakhala lakuti m'filijimo muzikhala zakumwa za kampaniyo. Kwa wa shopu amene sangakwanitse kugula filiji, imeneyi ndi thandizo lenileni. Koma mu Okutobala, dzuwa likaswa mtengo, munthu amagula cozizila. Amayi amene amaphika munkoyo kapena thobwa amatsala panja ndi cigubu cao cotentha, ndipo amagonja ngakhale cakumwa cao cili cokoma ndi cokhutitsa.

Yacinayi ndi kuvala nkhope yathu. Mosi imachedwa ndi dzina la mathithi athu a Mosi-oa-Tunya, koma Zambian Breweries ili m'manja mwa AB InBev, kampani ya ku Leuven m'dziko la Belgium, imene inagula SABMiller mu 2016. Chibuku cinabadwila kuno ku Copperbelt, koma National Breweries tsopano ili pansi pa Delta Corporation ya ku Zimbabwe. Pepsi ya kuno imathilidwa m'mabotolo ndi Varun Beverages ya ku India. Palibe mlandu pamenepo. Tikungoti nyimbo ya pa cilengezo ikakhala ya kalindula ndipo mau ake ali a kwathu, tisaiwale kuti mbali yaikulu ya phindu ili ndi eni ake kutali.

Ena adzati tikudandaula ciani, popeza makampaniwa amalemba anthu nchito, amakhoma misonkho ndipo amagula mbeu za alimi. N'zoona. Mowa wa Eagle umapangidwa ndi cinangwa cogulidwa kwa alimi ang'onoang'ono a ku Luapula, ndipo shuga wa ku Nakambala ku Mazabuka umadyetsa mabanja ambili. Sitikufuna kuti acoke. Tikufuna kuti mtengo wonse wa malonda ao uzioneka, kuphatikizapo umene umalipilidwa ku cipatala.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, limalangiza kuti munthu wamkulu asapitilile magalamu pafupifupi 50 a shuga wothila pa tsiku, kutanthauza tumasipuni 12, ndipo limati kufika pa theka lake n'kwabwino koposa. Coca-Cola ya kapangidwe kake kakale ili ndi magalamu oposa 10 pa mamililita 100 alionse. Botolo limodzi la 500ml latha kale mlingo wa tsiku lonse wa munthu wamkulu, nanga kwa mwana wa giledi 3? Matenda a shuga, BP ndi kuola kwa mano, amene tinali kuwaona ngati a anthu olemela a m'tauni, tsopano timawelenga mauthenga ake a malilo pa wailesi zathu. Pa nthawi imodzimodzi, kafukufuku wa zaumoyo wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Zambia ndi opinimbila. Ndalama imene yagula cakumwa ca shuga ikanagula dzila kapena nshawa.

Ndipo makampani satsata muyezo umodzi kulikonse. Mu 2024 mabungwe a Public Eye ndi IBFAN anayeza phala la ana la Cerelac la Nestlé. Anapeza kuti logulitsidwa m'maiko ambili a mu Africa, Asia ndi Latin America linali ndi shuga wothila, pafupifupi magalamu 4 pa kudya kumodzi, pamene la ana a msinkhu womwewo ku Germany ndi ku Britain linalibe. Kampaniyo inayankha kuti imatsatila malamulo a dziko lililonse. Yankho limeneli likutiuza poyela kuti kumene malamulo ndi ofooka, mwana amapatsidwa zimene mwana wa kwina sapatsidwa.

Conco tili ndi zopempha. Ku boma: mu 2019 linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita ya zakumwa zosaledzeletsa, koma msonkho wowelengela malita sukakamiza kampani kucepetsa shuga. South Africa kuyambila mu 2018 imakhometsa malinga ndi magalamu a shuga opitilila 4 pa mamililita 100, ndipo opanga zakumwa ambili anacepetsa shuga kuti alipile zocepa. Chile kuyambila mu 2016 imalamula cizindikilo cakuda kutsogolo kwa paketi cocenjeza za shuga wambili. Nafenso tingacite zimenezo, m'zilembo zimene agogo angaone popanda magalasi. A CCPC, amene amayang'anila mpikisano pa malonda, aunikenso mapangano a mafiliji, kuti shelufu imodzi izitsala ya zakumwa za kwathu.

Kwa ife a mawailesi a m'madela: malonda ndi amene amalipila magetsi ndi mafuta a jeneleta, ndipo palibe amene angawakane onse. Koma tingagwilizane kuti zakumwa za shuga zisalengezedwe pa mapulogilamu a ana, ndiponso kuti muulutsi asawelenge cilengezo ngati kuti ndi uphungu wa zaumoyo.

Kwa magulu a amayi ndi acinyamata amene amapanga munkoyo, thobwa, cimponde ndi juwisi ya mabuyu: tengelani nzelu zomwezi. Botolo likhale laukhondo, kukoma kukhale kofanana lelo ndi mawa, mtengo ukhale wa ndalama ya cenji, ndipo wa kantemba mumusiyile phindu lake. Gulu la cilimba likhoza kusonkha n'kugula filiji yaoyao. Kit Yamoyo inafika m'midzi ya ku Katete cifukwa ca phindu la wogulitsa, ndipo munkoyo wathu ungafikenso mwa njila yomweyo.