Kafukufuku wa okalamba asathere pashelefu

Chaka ndi chaka ophunzira za udokotala ndi unamwino ku Kamuzu University of Health Sciences ndi ku Mzuzu University amachita kafukufuku asanalandire digiri. Ambiri amathamangira malungo, uchembere ndi Edzi, ndipo sitikuwadzudzula: ndalama za mabungwe zili kumeneko. Ife tikuyamikira ochepa aja amene asankha kukakhala pamphasa ndi agogo n'kuwafunsa kuti mwadzuka bwanji.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu 17.5 miliyoni m'dziko muno, ndipo pafupifupi m'modzi mwa anthu 20 alionse anali ndi zaka 60 kapena kuposa. Nambala ikuoneka yochepa, koma ndi anthu omwewa amene analera ana amasiye Edzi itasesa midzi. Ena anayamba kumwa ma ARV pomwe boma linayamba kuwagawa ulere mu 2004. Lero imvi zamera, ndipo pa mankhwala aja awonjezapo a BP ndi a shuga. Kodi mapilisi onsewa akugwirizana bwanji m'thupi la gogo amene amadya kamodzi patsiku? Nanga amene ng'ala yaphimba maso ake amadziwa bwanji kuti lam'mawa ndi liti, lamadzulo ndi liti? Mafunso otere safuna makina odula. Wophunzira wa kope ndi cholembera, atatsagana ndi mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo, akhoza kuwayankha.

Chomwe chikutiwawa kwambiri ndi matenda oiwalaiwala. Gogo akatuluka usiku n'kusokera, kapena akapezeka pakhomo pa eni ake asanavale, kumudzi salankhula za ubongo. Amati wagwa m'lichero. Sitinaiwale za ku Neno mu 2016, pomwe okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Mu 2024 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loteteza okalamba, koma lamulo silingalongosolere mdzukulu chomwe chikuchitika m'mutu mwa agogo ake. Namwino wophunzira bwino ndiye angatero.

Vuto lili apa. Wophunzira amapita kumudzi, agogo amamupatsa mpando, amayankha mafunso tsiku lonse, mwinanso kumuninkha mtedza wa panjira. Iye amabwerera kutauni, kulemba m'Chingerezi, kukhoza mayeso, buku n'kukagona mulaibulale. Agogo aja samvanso kanthu mpaka kulowa m'manda.

Tikupempha akuluakulu a mayunivesite kuti asasaine kafukufuku wa okalamba mwini wake asanabwerere kumudzi komwe anafunsako. Akaimirire pabwalo la mfumu, anene zomwe wapeza m'Chichewa, m'Chitumbuka kapena m'Chiyao, mokweza ndithu poti makutu ena analema. Tsamba limodzi lachidule alisiye kwa dokotala wamkulu wa m'boma lomwe muli mudziwo, lina ku Unduna wa Zaumoyo ku Capital Hill, ndipo ndalama ya basi ya ulendo wachiwiriwu ilowe mubajeti ya kafukufuku kuyambira pachiyambi.